Phala lotsala pa bayogasi: a ku Tanzania amalithira ku nthochi, ife tingalitani kuno ku Mangochi?

Anthu akamva za bayogasi kuno kwathu amangoganiza za moto wophikira basi. Koma ndowe zikawolerana m'thanki lopangira gasiyo, gasi n'kukwera, kumbali kumatuluka phala lamadzimadzi losanunkha kwambiri. M'phala limeneli nayitrojeni, fosiforasi ndi potaziyamu zimakhala zilimo ndithu, ndipo mbewu sizivutika kuziyamwa.

Anzathu a ku Tanzania anayamba kale kuliwerengera. Bungwe loona za zipangizo za ulimi la CAMARTEC la ku Arusha linkamanga matanki a njerwa okwiriridwa pansi kuyambira m'zaka za m'ma 1980, ndipo mu 2009 dzikolo linalowa m'pulogalamu ya bayogasi ya mabungwe a ku Netherlands a SNV ndi Hivos pamodzi ndi Kenya, Uganda ndi Ethiopia. Malawi sanali m'gululi. Komabe chomwe chimawathandiza kwambiri a ku Tanzaniawa ndi khola. Alimi a m'mphepete mwa phiri la Kilimanjaro ng'ombe zawo sizipita kubusa, amazimwetera udzu n'kuzipatsira m'khola momwemo. Ndowe zili pomwepo m'mawa uliwonse, thanki lili pambali pa khola, ndipo kangalande kamatenga phalalo kukalithira patsinde pa nthochi ndi khofi lisanaume n'komwe.

Nanga kuno? Ng'ombe zimaswera kudambo, ndowe zambiri zimagwera komweko. Mabanja ambiri ali ndi mbuzi zokha, ndipo nkhumba, zomwe kwina zimadzaza matanki, m'midzi yambiri ya kuno sizowetedwa. Ku Zambia a SNV analunjika kwa alimi a ng'ombe zamkaka, ndipo ndikuona kuti anaganiza bwino, chifukwa thanki losadyetsedwa tsiku ndi tsiku limangosanduka chikumbutso.

Kutentha kwa Mangochi kuli ndi ubwino ndi kuipa kwake. Tizilombo topanga gasi timakonda kufunda kwa madigiri pafupifupi 35, ndiye m'mwezi wa Okutobala thanki limagwira ntchito mwachangu. Koma dzuwa lomwelo ndi lomwe limauluza nayitrojeni. Phala likangosiyidwa poyera, pamwamba pamachita chikhungwa chong'ambikang'ambika, mphamvu yambiri itapita ndi mphepo. Choncho zothira mwachindunji ngati za ku Kilimanjaro zingatheke m'madimba a m'mbali mwa Shire, pomwe tomato ndi mpiru zimamwa madzi chaka chonse. Wa chimanga cha mvula akumbe maenje awiri pamthunzi, aziyala mapesi, kuthira phala, kuyalanso mapesi, n'kuvindikira ndi udzu mpaka nthawi yobzala. Pa dothi lamchenga la kunyanja kuno, manyowa otere amathandiza kusunga chinyezi, zomwe thumba la yuriya silingachite.

Amene amapanga kale manyowa a Mbeya, aja osakaniza madeya, phulusa, ndowe ndi feteleza pang'ono n'kudikira masiku 21, sangavutike nazo izi.

Pomwe tingawapose anzathuwa ndi pa maiwe a nsomba. Phala pang'ono likathiridwa m'dziwe madzi amabiriwira, ndipo tizomera tating'ono tobiriwitsa madzito ndi chakudya cha makumba ndi chilunguni. Kungoti osachulutsa, chifukwa mpweya ukachepa m'madzi nsomba zimayandama m'bandakucha zili kukamwa yasa. Ndipo ngati thanki lalumikizidwa ku chimbudzi, phala lake lipite ku mitengo ya zipatso, osati pa masamba odya osaphika.