Chenjezo kwa inu onyamula maphukusi a eni

Ana anga, wakutsina khutu ndi mnansi. Ndatopa kumva achinyamata akunena kuti, "Ine sindigulitsa, ndimangonyamula. Akandigwira ndikalira pamaso pa woweruza, adzandimvera chisoni." Anakunamizani ndani? Pa mlandu wa mankhwala ozunguza bongo, sikelo ndiyo imayamba kulankhula, woweruza asanatsegule n'komwe pakamwa.

M'mayiko ambiri woweruza sagamula monga mtima wake wafunira, amatsata ndondomeko yolembedwa. Ya makhoti a boma la America inayamba kugwira ntchito mu 1987. Ili ngati tebulo la mizere: mbali imodzi ili ndi masitepe 43 a kukula kwa mlandu, mbali ina magulu 6 a mbiri ya milandu yanu yakale, ndipo pomwe ziwirizi zakumana ndi pomwe palembedwa miyezi yanu ya kundende. Chimene chimakukwezani masitepe kwambiri ndi mtundu wa mankhwalawo ndi kulemera kwake. Mukapezeka ndi mfuti, mwadziwonjezera nokha.

Zoona, mu 2005 khoti lalikulu kumeneko linagamula kuti ndondomekoyi ndi yongolangiza. Musathamangire kuomba m'manja. Pali lamulo lina loika chilango chochepetsetsa: magalamu 500 a kokeni, zaka zosachepera 5, makilogalamu 5, zaka 10. Heroin ndiye magalamu 100 okha akukwanira zaka 5. Ndipo amayeza ufa wonse, ngakhale mwini katundu anausakaniza ndi zina kuti uchuluke. Inu munaliyeza phukusi lija musanaliike m'chikwama? Munalitsegula n'komwe?

Ku England amayang'ananso udindo wa munthu, kaya ndi wotsogolera, wapakati kapena wotumidwa chabe. Wotumidwa amamuchepetserako, koma katundu akachuluka ndende sailewa. Ku Singapore ndiye kulibe masewera: kupitirira magalamu 15 a heroin weniweni, kapena magalamu 500 a chamba, lamulo limati munthu anyongedwe. Wonyamula chabe akapulumuka chingwe, chomudikira ndi ndende ya moyo wonse.

Chimene chimandiwawa mtima kwambiri ndi ichi. Njira yaikulu yochepetsera chilango ndi kuthandiza ofufuza mlandu, kuwapatsa mayina ndi malo. Nanga amadziwa mayina ndani? Ndi bwana uja wakutumani. Iye akagwidwa ali ndi zoti aulule, alinso ndi ndalama za loya. Inu mukudziwa dzina lake lonamizira ndi nambala ya foni imene idzathima tsiku lomwelo mwagwidwa. Ine sindiona chilungamo pamenepa, ndipo sindibisa. Ngakhale aku America eni ake anavomereza kuti lamulo lawo la 1986 linali lokhota, poti magalamu 5 a crack, yemwe ndi kokeni wouma ngati timiyala amene amasuta, ankalangidwa mofanana ndi magalamu 500 a kokeni wa ufa. Analikonza mu 2010, patapita zaka 24, anthu ambirimbiri atakalambira kale m'ndende. Mukufuna mudzadikire kuti aphungu akonze lamulo muli mkati?

Nanunso makolo, lekani kulandira mphatso mwakachetechete. Mwana alibe ntchito, koma wabwera ndi foni yatsopano ndi tikiti ya ndege yomugulira "mnzake". Mufunseni lero kuti mnzakeyo ndani, ndipo m'chikwamamo mukhala chiyani.