Musandiuzenso zoti Tess anabadwa ndi tsoka

Ndapsa mtima, ndipo ndilankhula.

Dzulo tili pakhonde, mwana wa achemwali anga amene ali ku koleji amatifotokozera buku limene akuwerenga, Tess of the d'Urbervilles, la Thomas Hardy. Mwana wafotokoza mpaka misozi ili lengelenge. Ndiye bambo ena amene anabwera kudzacheza, munthu wopita kusukulu ndithu, woti bukulo analiwerenganso, akuti: "Aaa, usadzivute mwanawe. Mtsikana ameneyo anangobadwa ndi tsoka. Mvula ikakuona litsiro sikata." Basi nkhani yathera pomwepo, iwo akuthira shuga mu tiyi.

Tsoka? Tsoka lake liti?

Bukuli linatuluka mu 1891, ndipo aliyense amene analiwerenga ndi maso awiri akudziwa kuti chilichonse chimene chinagwera Tess chili ndi mwini wake. Chili ndi dzina, chili ndi nkhope, chinavala nsapato.

Anthu amakonda kuyambira pa hatchi ya banja la Tess ija, Prince, imene inafa itagundidwa ndi ngolo ya positi usiku Tess atagona pachiwongolero. Akuti mwaona, tsoka. Koma ndani amayenera kukhala pangolopo? Ndi bambo ake, John Durbeyfield. Anangomva kwa abusa ena kuti makolo awo akale anali anthu otchuka a banja la d'Urberville, basi ulendo wa kumowa kukadzitama. Nthawi yonyamula ming'oma ya njuchi kupita nayo kumsika itakwana, munthu wamkulu ali thapsa, sakutha kudzuka. Mwana wamkazi ndi kamlongo kake ndiwo ananyamuka mumdima. Hatchi itafa, mayi ake ndi amene anamutchena bwinobwino n'kumutumiza kunyumba ya anthu olemera kuti akadzitchule chibale, mumtima akuwerengera zoti mwina akakwatiwa komweko. Kumeneko anakapeza Alec, mnyamata wa ndalama amene ngakhale dzina la d'Urberville silinali lakwawo, bambo ake anachita kulitola atalemera. Alec anamusaka mtsikanayu ngati nyama mpaka anamupezerera m'nkhalango usiku ali m'tulo. Inu mukuti tsoka? Limenelo ndi dzina la munthu, Alec. Litchuleni.

Mwana anabadwa, n'kudwala. Usiku umene amamwalira, bambo a Tess anakhoma chitseko kuti abusa asalowe, ati angaone manyazi a pabanja. Tess anamubatiza yekha mwanayo, azing'ono ake atagwada mozungulira, n'kumutcha Sorrow. Madzulo ake anakapempha abusa kuti mwana aikidwe mwachikhristu. Anakana. Khanda linaikidwa usiku kungodya ya manda kumene amatayako zidakwa ndi odzipha. Chitseko anakhoma ndi munthu. Mwambo wa maliro anakana ndi munthu. Palibe mphezi imene inagwa kuchokera kumwamba apa.

Ndiye pali kalata ija. Eee, kalata imeneyi anthu amaikonda! Tess akugwira ntchito yokama ng'ombe ku Talbothays anakondana ndi Angel Clare, mwana wa abusa. Asanakwatirane analemba zonse zimene zinamuchitikira, n'kulowetsa kalatayo kunsi kwa chitseko, koma inakalowa pansi pa kapeti, Angel osaiona. Chabwino, pamenepo ndivomera, inali ngozi. Nanga kenako? Usiku wa ukwati wawo Angel ndi amene anayamba kuulula kuti nayenso anagonapo ndi mkazi wina ku London. Tess anamukhululukira nthawi yomweyo, mpaka kusangalala kuti ndiye kuti amvana. Atanena zake, zimene sanazifune n'komwe, mwamuna uja nkhope inasintha. Akuti siiwenso mkazi amene ndimamukonda. Anamusiya n'kupita ku Brazil, ndipo asananyamuke anafika pofunsa mnzake wa Tess, Izz, kuti apite naye. Kapeti ndi imene inachita zimenezo? Kapeti inakwera sitima kupita ku Brazil?

Zimandiwawa kwambiri chifukwa Angel ndi mtundu wa anthu amene timawalemekeza. Wofatsa, wowerenga mabuku, wolankhula zanzeru. Alec aliyense amamuona kuti ndi chilombo. Koma amene anamuthyola msana Tess ndi wofatsayu. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Tikati "tsoka" ndiye kuti Angel tamusiya pamkhate pomwepo, akupukuta kukamwa.

Zotsatira zake mukuzidziwa. Ganyu ya kalavula gaga ku Flintcomb-Ash m'nyengo yachisanu. Bambo ake kumwalira, pangano la nyumba kuthera pa imfa yawoyo, ndipo anthu a m'mudzimo osafuna kuti banjalo likhalebe chifukwa cha mbiri ya Tess. Mayi ndi ana anakafika poyala bedi panja, pambali pa tchalitchi ku Kingsbere. Alec akubwera ndi nyumba m'manja. Inu mukanatani? Mukanawasiya azing'ono anu agone pamanda? Tess anabwerera kwa Alec. Pomaliza, Angel atabwerako ku Brazil, Tess anamubaya Alec n'kumupha, apolisi anakamugwira ku Stonehenge, ndipo ananyongedwa. Amene anamulakwira palibe ndi mmodzi yemwe amene anaimapo pabwalo la milandu.

Ndikudziwa wina anena kuti Tess mwiniwake anauza mlongo wake Abraham kuti dziko limene tikukhalali lili ngati chipatso chofumbwa. Inde ananena. Nanga mwana woleredwa muumphawi, wouzidwa tsiku ndi tsiku kuti zonse n'chifukwa cha iye, anganene chiyani? Wovutika akati "ndi tsoka langa" ndiye kuti watopa, akufuna pogonera mtima. Koma iwe wokhuta, wakhala pampando, ukanena mawu omwewo ndiye kuti ukusamba m'manja. Hardy pachikuto penipeni pa bukulo analemba kuti uyu ndi mkazi woyera mtima, ndipo anthu a nthawi yake anakwiya nazo. Hardy yemweyu ali ndi zaka 16 anaonerera mayi wina, Martha Brown, akunyongedwa ku Dorchester mu 1856. Mukuganiza kuti analemba buku lonselo kuti ife tidzangopukusa mitu n'kuti "zimachitika"?

Si Hardy yekha. Mu Les Misérables ya Victor Hugo, ya 1862, Jean Valjean anaba buledi kuti adyetse ana a mlongo wake, n'kukhala kundende zaka 19. Fantine anamuchotsa ntchito pafakitale atamva kuti ali ndi mwana wopanda bambo, mpaka anagulitsa tsitsi ndi mano ake akutsogolo kuti alipire anthu amene amamusungira mwanayo, omwenso amamunamiza. Lamulo analemba ndi anthu, miseche anakazinga ndi anthu. Ngakhale Okonkwo wa mu Things Fall Apart ya Chinua Achebe, amene ambiri tinamuwerenga tili achinyamata: mfuti yake kuphulika pamaliro n'kupha mwana wa malemu, iyo inali ngozi, sindikana. Koma chikwanje chimene chinagwetsa Ikemefuna, mwana womutcha bambo, anachisolola yekha, atachenjezedwa kale ndi mkulu Ezeudu kuti asaikepo dzanja. Anaopa kuoneka wofooka. Musamunamizire mulungu wake.

Mabuku akalewa amaika kangozi kamodzi kuti tione zimene anthu achite pambuyo pake. Ngozi ndi yaing'ono. Nkhanza ndi zimene zimadzaza masamba. Munthu kuwerenga masamba onsewo n'kutulukamo ndi kapeti yokha, ine ndiye ayi, zikundinyansa.

Ndipo n'zomwezi zimene timachita kuno. Bambo akamwalira, maliro asanazizire n'komwe, achibale afika ndi lole. Atenga mipando, atenga malata, atenga ndi mbale zomwe. Lamulo loteteza chuma cha masiye lilipo kuyambira 2011, koma ndani amalitchula pasiwa? Mayi uja akayamba kuzungulira ndi ana opanda pogona, ife timati ali ndi minyama, apite akamupempherere, akasambe mankhwala. Mtsikana akapatsidwa mimba ndi munthu wamkulu wapabanja, timati mwanayu ndi watsoka, sukulu yamukanika. Mwamunayo Lamulungu ali kutsogolo m'tchalitchi, jekete ili pathupi, ndipo tonse tikumupatsa moni ndi manja awiri. Amene anabwera ndi lole uja timamudziwa. Tinamuthandiza kukweza kabati.