Ndionetseni kope lake, za mchombo zisiyeni

Loweruka lapitali tinali pamaliro ku Dómuè. Mukudziwa mmene zimakhalira usiku ukapita, amayi m'nyumba mawu atasasa, azibambo panja atazungulira chikuni: nkhani imene imatsala ndi ndale basi. Chisankho cha 2029 chikadali kutali, mbatatesi tikumba kangapo chisanafike, koma anthu ayamba kale kuyeza mayina.

Mkulu wina wa pamudzipo, amene amalandira kandalama ka ankhondo akale, anagogoda ndodo pansi n'kunena kuti dziko lasokonekera chifukwa talipereka kwa ana amene sadziwa fungo la onga. Mnyamata wina wa njinga yamoto anayankha motsitsa mawu kuti, "Agogo, pepani, koma onga sitidyera nsima." Anthu anasekera m'majekete, poti ndi pamaliro. Aphunzitsi ena anati iyayi, chachikulu ndi sukulu, munthu akhale ndi madigiri. Wina kumdima uko anati zonsezo n'zopanda pake, tikufuna mwana wa kuno ku Tete, chifukwa chichokereni Apwitikizi mu 1975 mpandowo sunabwerepo kuno.

Ine sindinatsegule pakamwa. Pamudzipo ndine mkamwini, ndipo mkamwini pamaliro ntchito yake ndi nkhuni ndi khasu. Ndiye ndiyankhulire pano.

Malamulo aakulu a dziko lathu safuna zambiri kwa munthu wofuna upulezidenti. Akhale nzika ya Mozambique yobadwa nayo, asakhale ndi unzika wa dziko lina, akhale atakwanitsa zaka 35, akhale ndi ufulu wake wonse wa nzika, ndipo ovota osachepera 10,000 amusayinire. Mulibemo digiri, mulibemo mfuti, mulibemo chigawo. Zinazi timawonjezera tokha pamoto.

Ndiyambe ndi za mchombo, chifukwa zimenezi zimandikhudza pakhungu penipeni. Ine ndinabadwa mu 1988 mumsasa wa othawa nkhondo tsidya la Dedza. Bambo ndi mayi ndi a kuno ku Angónia, agogo anga manda awo ali kuno, koma nkhondo itavuta anawoloka usiku, mayi atasenza mphika ndi mphasa, monga anachitira anthu oposa miliyoni imodzi amene anathawira ku Malawi. Mtendere unasayinidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ife tinabwerera patapita kanthawi, n'kupeza munda wamera mitengo. Tsiku limene ndinapita kukatenga BI (chiphaso cha unzika) yanga yoyamba ku ofesi ina, kalaliki anandifunsa kumene ndinabadwira. Nditanena zoona, anayika cholembera pansi, n'kundiyang'ana kuyambira kumapazi, amvekere, "Ndiye iwe ndiwe M'malawi." Ndinayenda maulendo atatu, lachitatu ndinachita kutengana ndi a nyakwawa panjinga kuti akanene kuti bambo anga amawadziwa. Ndinkaganiza panjira kuti, kodi ine ndinasankha kukabadwira muhema? Amene anayambitsa nkhondo ija onse ma BI awo ali bwinobwino.

N'chifukwa chake ndikamva munthu akufufuza kumene kunagwera mchombo wa wopikisana naye, ndimadziwa kuti mfundo zamuthera. Anansi athu a ku Zambia anazichita poyera. Mu 1996 anasintha malamulo kuti wofuna upulezidenti makolo ake onse awiri akhale obadwira m'Zambia, ndipo aliyense ankadziwa kuti msamphawo atchera Kenneth Kaunda, amene makolo ake anachokera ku Nyasaland. Munthu anatsogolera dziko kuchoka kwa atsamunda, n'kulilamulira zaka 27, kenako n'kuuzidwa kuti ndi mlendo. Ife a m'malire, amene malume ali ku Ntcheu, azakhali ku Katete, mlongo anakwatiwa ku Lizulu tsidya la msewu, tiyenera kukhala omaliza kuwombera m'manja masewera oterowo. Mpeni umenewo ukatha kudula wamkulu umabwera kwa ife pawindo la ofesi.

Nanga zoti akhale wakwathu? Mtima umafuna, sindikana. Samora ndi Chissano anali a ku Gaza, Guebuza anabadwira ku Nampula, Nyusi ku Cabo Delgado, Chapo ku Inhaminga m'chigawo cha Sofala. Ife a ku Tete tili ndi damu la magetsi la Cahora Bassa, tili ndi malasha a ku Moatize, tili ndi fodya, chimanga ndi mbatatesi zodyetsa mizinda, koma mawaya a magetsi amangotidutsa pamutu kupita ku South Africa ife tikuyatsa tochi. Mkwiyo umenewo ndi woona. Koma taonani Cabo Delgado. Mwana wawo, wa ku Mueda, anakhala pampando zaka 10, kuyambira 2015 mpaka 2025, ndipo m'zaka zomwezo, mu Okutobala 2017, zigawenga zinayamba kuwombera ku Mocímboa da Praia, anthu zikwizikwi n'kusiya midzi yawo. Kukhala ndi wakwawo kunyumba ya pulezidenti ku Ponta Vermelha sikunawatchinjirize. Ifenso tinakhalapo ndi wathu pafupi ndi pamwamba: mayi Luísa Diogo, obadwira ku Mágoè, anali nduna yaikulu kuyambira 2004 mpaka 2010. Sindikuwasenzetsa mlandu, koma kumapeto kwa zaka zomwezo ndi pamene mabanja a ku Moatize anasamutsidwira ku Cateme kuti mgodi uyambe, ndipo mu Januwale 2012 anthu aja anachita kutseka njanji kuti madandaulo awo amveke. Chilankhulo chimodzi sichimanga mlatho.

Za mfuti ndiyankhule mwaulemu, chifukwa mkulu uja anavutikadi. Nkhondo ya ufulu inapsa kwambiri kuno ku Tete, ndipo za ku Wiriyamu pa 16 Disembala 1972, pamene asilikali a Apwitikizi anapha anthu a m'midzi mazanamazana, si nthano yongomva. Amene anamenya nkhondo ija ulemu wawo asawalande munthu. Koma kudziwa kugona m'tchire ndi kudziwa kusunga thumba la anthu ndi maluso awiri. Ngongole zobisika zija, pafupifupi madola 2 biliyoni zimene zinatengedwa mu 2013 ndi 2014 m'dzina la makampani a boma a Ematum, ProIndicus ndi MAM, zinatengedwa dziko likulamulidwa ndi Armando Guebuza, munthu wa nkhondo ya ufulu. Mwana wake, Ndambi Guebuza, khoti la ku Maputo linamugamula zaka 12 mu Disembala 2022. Zitaululika ngongolezo mu 2016, metikali inagwa, ndipo ife amene timagula feteleza tinazimva m'thumba tisanamve pawailesi. Komanso tiwerenge zala: amene anali ndi zaka 18 mu 1974 lero akusewera m'ma 70. Muyeso umenewu, tifune tisafune, ukupita kumanda ndi eni ake.

Aphunzitsi aja ndiwayankhe mwachidule. Amene anasayinira ngongole zimenezi m'malo mwa boma ndi Manuel Chang, nduna ya zachuma, munthu wophunzira zachuma zenizenizo, ndipo mu 2024 khoti la ku New York linamupeza wolakwa. Kamuzu Banda anali dokotala wa ku Edinburgh, koma mu 1971 anasanduka pulezidenti wamuyaya. Sukulu ndi yabwino, ana anga ndikuwakakamiza tsiku ndi tsiku, ndipo sindingafune mtsogoleri wosatha kuwerenga pangano asanalisayine. Koma digiri imangotiuza kuti munthuyu mutu umagwira. Za manja ake siinena kanthu.

Tsono chimene ine ndimayang'ana m'mbiri ya munthu ndinachiphunzira ku kalabu yathu ya alimi a mbatatesi, si m'buku ayi.

Pamene tinkayamba, tinasankha msungichuma mosavuta. Panali mnyamata wophunzira ku Tete, mdzukulu wa amfumu, Chipwitikizi chosalala ngati cha pawailesi, nsapato zopukuta ngakhale m'dzinja. Palibe anafunsa kuti kodi anasungapo chiyani chiyambire. Tikafunsa za ndalama pamsonkhano ankayankha ndi mawu aatali, ife n'kumachita manyazi kufunsanso, kuopa kuoneka mbuli pamaso pa mdzukulu wa amfumu. Chaka chachiwiri, nthawi yogula mbewu itafika, m'bokosi munali makiyi okha. Anati ndalama "zili m'njira". Mpaka lero zikadali m'njira.

Amene tinawaika pambuyo pake ndi mayi ena amasiye, sukulu analekeza kalasi yachinayi. Amene anawatchula ndi amayi anzawo, ndipo chifukwa chake chinali chimodzi: kwa zaka zambiri ndi amene ankasunga ndalama za maliro ku mpingo, ndipo palibe tsiku bokosi la maliro linachedwapo chifukwa chosowa ndalama. Mayiwa ali ndi kope la ana a sukulu, lachikuto chofiira, amalikulunga m'pepala la pulasitiki n'kulimanga m'chitenje. Pamsonkhano uliwonse, tisanapemphere n'komwe, amalitsegula n'kuyamba kuwerenga mokweza, chala chikutsata mzere: uje anapereka zakuti, uje sanapereke, tinagula matumba akuti, woyendetsa ngolo tinamupatsa zakuti, zatsala zakuti. Akatero amathira ndalamazo pamphasa kuti wina aziwerenge anthu akuona. Manambala ena amalemba chagada, koma sanaphonyepo ndi metikali imodzi.

Ndiye munthu akabwera kudzapempha makiyi a nkhokwe ya dziko lonse, mbiri imene ndikufuna kumva ndi imeneyo. Anasungapo chiyani cha anthu? Atachisunga, chinakula kapena chinatha? Ankawerenga kope poyera, kapena ankakwiya akafunsidwa? Amene ankamutsutsa ali kuti lero, ali moyo ndi ntchito zawo? Nthawi yake itatha anapereka makiyi, kapena anachita kumulanda? Funso lomalizali ndi limene limandichititsa kuti Chissano ndizimupatsabe ulemu ngakhale pali zina zimene ndingamunene: mu 2005 anatsika yekha.

Chimene chimandiwawa n'chakuti pa chisankho cha pa 9 Okutobala 2024 makope analipo, koma sitinawatsegule. Daniel Chapo anakhalapo mkulu wa boma ku Nacala-a-Velha ndi ku Palma, kenako bwanamkubwa wa Inhambane kuyambira 2016 mpaka 2024. Zaka 8 m'chigawo chimodzi ndi kope lonenepa. Koma kuno zimene tinkamva n'zakuti ndi wamtali, ndi loya, anagwirapo pawailesi, ndiponso ndi woyamba kubadwa dziko litalandira kale ufulu, mu 1977. Palibe anabwera kudzatiuza kuti zipatala za ku Inhambane anazipeza bwanji n'kuzisiya bwanji. Venâncio Mondlane naye chimodzimodzi: injiniya wa zankhalango, anagwirapo kubanki, m'busa, phungu, wodziwa kuyankhula pa Facebook mpaka achinyamata kuiwala kudya. Omukonda ankatchula zimenezo, odana naye ankatchula zoti wayenda zipani zambiri, MDM, Renamo, kenako Podemos. Onse awiri tinawayeza ndi nkhope ndi pakamwa.

Ndikudziwa chimene ena munene, ndipo n'chomveka. Muti muyeso wangawu ukukondera chipani cholamula, chifukwa kuyambira 1975 maudindo a m'maboma ndi m'zigawo akhala m'manja mwa Frelimo, ndiye wotsutsa kope alitenga kuti? Zoona, bwalo silofanana. Koma kope si la boma lokha. Malemu Daviz Simango anayendetsa mzinda wa Beira kuyambira 2003 mpaka imfa yake mu 2021, ndipo akamapempha upulezidenti ankatha kuloza mzinda kuti kaoneni, wokonda ndi wodana naye aliyense n'kukaona ndi maso ake. Amene sanayendetsepo mzinda anayendetsapo chipani, mpingo, kampani kapena bungwe, ndipo kumeneko kunali ndalama za anthu ndi anthu omutsutsa. Mayi athu aja kope lawo loyamba linali la maliro.

Pali china chimene sindingachidumphe, ngakhale chikutsutsana ndi zonse ndalembazi. Kuyeza munthu kuli ndi phindu pokhapokha ngati voti ikuwerengedwa monga mayi aja amawerengera ndalama pamphasa. Mu 2024 bungwe loyendetsa chisankho linati Chapo wapeza pafupifupi 71 pa 100 alionse, khoti loona za malamulo aakulu pa 23 Disembala linati 65, ndipo pakati pa manambala awiriwo ndi pambuyo pake anthu mazanamazana anafera m'misewu. Kalabu yathu ikanamva msungichuma akutchula manambala awiri osiyana pa thumba limodzi, msonkhano sukanatha.

Mkulu wa ndodo uja tinakumananso m'mawa kumanda, ine ndili m'dzenje ndi khasu, iwo atakhala pamthunzi. Anandiitana n'kundifunsa kuti bwanji usiku ndinali chete ngati ndilibe maganizo. Ndinati, "Agogo, ndimamvera akuluakulu." Anaseka, n'kunena kuti akamwini a masiku ano mumayankhulira m'mafoni.

Ndipo kuti musaganize kuti mayi a kope aja ndikuwatama chifukwa amandikondera: mwezi watha ndinapita kukapempha matumba awiri a feteleza a ngongole. Anamasula chitenje, anatsegula kope, chala chinayenda mpaka pa dzina langa, amvekere, "Bambo a Chisomo, pano pali 400 ya chaka chatha." Ndinati ndibweretsa ndikagulitsa. Anatseka kope n'kuyamba kundifunsa za ana kunyumba. Feteleza ndinakagula ndekha ku Ulónguè.