Kukhala pakati pa Roma si chilolezo chozunzira alendo

Ndakwiya kwambiri ndi yankho limene mnyamata wolandira alendo pa hotela ina ya kufupi ndi bwalo la msika la Campo de' Fiori, mumzinda wa Roma, anandipatsa nditadandaula kuti sindinaone tulo usiku wonse. Anangotambasula manja n'kunena kuti, "Pepani bambo, kuno n'pakati pa mzinda." Kwa iye nkhani inathera pomwepo, ngati kuti mapu ndiwo amene ndinalipira kuti ndigonepo.

Munthu akalipira hotela amalipira tulo, ndipo ngati tulo palibe, ndiye kuti ndalama zake zangotengedwa. Chipinda chimene anandipatsa chinali chaching'ono moti sutikesi ndinkaitsegulira pabedi, chifukwa ndikaiika pansi chitseko cha ku bafa sichinkatseguka. Zenera linali la matabwa akale, losatsekeka bwino, loyang'ana kamsewu kamene anthu otuluka m'malo omwera mowa amadutsamo akuimba mpaka usiku kwambiri. Atangotha iwowa inafika galimoto yotola zinyalala, ndipo amene sanamvepo mabotolo akukhuthulidwa m'kamsewu kopanikizika, ka miyala pansi ndi makoma ataliatali mbali zonse, asandiuze kuti ndikukokomeza. Kusanache bwino amalonda a pamsika wa pabwalopo anali atayamba kukoka matebulo awo, kenako mabelu a matchalitchi. Zonsezi eni hotela amazidziwa, chifukwa amazimva tsiku ndi tsiku, koma kuika zenera lotchinga phokoso akuona ngati n'kutaya ndalama.

Inde, nyumba za kumeneko ndi zakale ndipo malamulo salola kuzisintha mwachisawawa, koma si mlendo amene ayenera kulipira zimenezo ndi mutu wake.

Chimene chikundipweteka n'chakuti malo abwino asanduka chobisalirapo. Ukafunsa za chikepe chimene chimalowa munthu mmodzi ndi chikwama chake basi, amakuuza kuti Pantheon, kachisi wakale wa Aroma, ili pafupi. Ukafunsa za madzi a m'bafa amene amazizira usanachotse sopo, amakuuza kuti ku bwalo lotchuka la Piazza Navona ndi poyenda wapansi mphindi zochepa. Kodi Pantheon anamanga ndi iwo? Nyumba imeneyo yakhala ili chiimire kuyambira m'nthawi ya mfumu Hadrian, zaka pafupifupi 1,900 zapitazo, ndipo mu 2023 anayamba kulipiritsa mayuro 5 pakhomo pake kuti munthu alowe. Kasupe wa Trevi anamalizidwa mu 1762. Palibe mwini hotela amene anasenzapo mwala ngakhale umodzi, koma onse akutigulitsa zinthu zimenezi pamtengo wa chipinda, chipinda chenichenicho atachitaya. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo zithunzi za pa intaneti zimene zimaonetsa kasupe dzuwa likulowa, koma osaonetsa bedi logundana ndi khoma, ndi mkuyu womwewo.

Ngakhale kuyandikira kumene amanyadirako kuli ndi malire ake amene satchula. Dera lakale la Pantheon, Piazza Navona ndi Campo de' Fiori lilibe siteshoni ya sitima ya pansi pa nthaka, moti siteshoni ngati Barberini kapena Spagna, za mzere wa A, zili kaulendo ndithu. Munthu wochokera ku bwalo la ndege la Fiumicino amakwera sitima ya Leonardo Express, imene imam'fikitsa ku siteshoni yaikulu ya Termini pa mphindi 32, koma kuchoka apo ayenera kupanikizana m'basi kapena kulipira takisi, kenako kukoka katundu pa timiyala takuda tija totchedwa sampietrini, timene timathyola mateyala a sutikesi mosamva chisoni. Amene wagona ku madera ngati Prati kapena San Giovanni amatsika sitima ya pansi pa nthaka n'kupeza msewu wosalala, amagona tulo take, ndipo m'mawa amafika pa Trevi ali ndi mphamvu, pamene ife a "pakati" tikuyasamula pamzere.

Sindikunena kuti munthu asagone pakati pa mzinda. Ndikunena kuti hotela ikhale hotela poyamba, malo abwere pambuyo. Amene sangathe kupatsa mlendo usiku wabata atsitse mtengo ndipo alembe poyera kuti kuno anthu sagona.

Nanunso amene mumalemba ndemanga pa masamba obukitsira zipinda mukutipweteka. Mumapereka mamalikisi apamwamba chifukwa cha malo, n'kubisa nkhani ya phokoso m'chiganizo chomaliza, ngati kuti ndi kanthu kakang'ono. Ndipo patsiku lochoka, munthu uli ndi maso ofiira, amakuuzanso kuti pali msonkho wa alendo wa mzinda, mayuro 6 munthu aliyense usiku uliwonse pa hotela ya nyenyezi zitatu. Msonkhowo ndi wovomerezeka, sindikukana, koma ukuwerengedwa pa usiku umene ine sindinagone.