Makala, foni ndi ng'oma ya tchopa

Achinyamata a kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo mafoni abwino tili nawo, koma mavidiyo athu ndi amodzimodzi: woyimba waima m'munda wa tiyi, kumbuyo kuli phiri, basi yatha. Ine zandikwana. Bwanji tiyeseko luso lija losakaniza zojambula zoyenda, vidiyo, phokoso ndi munthu wovina pamaso pa anthu, zonse nthawi imodzi?

Ena muti ndi misala ya azungu. Nanga Samson Kambalu ndi mzungu? Ndi Mmalawi mnzathu, uja anaimika chiboliboli cha John Chilembwe ku Trafalgar Square, mu London, mu 2022. Timafilimu take ta Nyau Cinema sitipitirira mphindi imodzi, wosewera amakhala iye mwini, koma tinakafika ku Venice Biennale, chionetsero chachikulu cha zaluso cha ku Italy, mu 2015.

Amene amandisowetsa tulo kwenikweni ndi William Kentridge wa ku Johannesburg. Mkuluyu amajambula ndi makala papepala, n'kutola chithunzi, n'kufufuta pang'ono, n'kuwonjezera, n'kutolanso, pepala lomwelo. Zithunzizo zikamadutsa motsatizana, ngakhale 12 zokha pa sekondi, chojambulacho chimayamba kuyenda. Ndipo makala safufutika onse. Pomwe panali chinthu pamatsala potuwa.

Ndiye taganizani za namondwe wa Freddy, mu March 2023. Mavidiyo a matope tinatumizirana pa WhatsApp, tinalira, kenako tinawachotsa foni itadzaza. Koma wina atajambula mudzi ndi makala, napolo n'kumaufufuta nyumba imodziimodzi, potuwa paja n'kumatsala, m'masipika mukumveka miyala ikugubuduzika, kutsogolo kwa khoma loonetserapo zithunzizo kutaima mayi akutchula mayina a amene anapita, ndani angachoke pamenepo? Kamera inafika madzi atadutsa kale. Makala angathe kuonetsa usiku umene palibe anaujambula.

Kusakaniza kumeneku Alhomwe sitikuphunzira lero. Mu tchopa, imene UNESCO inaizindikira mu 2014, muli ng'oma, nyimbo, mavalidwe, ndipo ovina ena amabereka makasu, zikopa, zidole ndi ziwiya zakale. Chatsopano ndi pulojekita yokha, makina oonetsera zithunzi pakhoma. Komatu apa ndichenjeze: tchopa imakhudza nsembe ndi mizimu ya makolo. Osangojambula ng'oma ya agogo mobisa n'kukaiponya pa biti. Pitani mukakhale pansi ndi eni gule, akuuzeni zotheka ndi zosatheka, ndipo mayina awo alembedwe, kangachepe alandire.

Za ndalama ndisakunamizeni, luso ili silidyetsa msanga. Koma poyambira sipodula. Makala ali pambaula, pepala ndi la katoni, foni muimangirire pampando kuti isagwedezeke. Magetsi ndiye mukuwadziwa kale, konzekerani sola kapena jenereta.

Ndipo tisadikire kuitanidwa ku Blantyre. Ku Chonde anthu amadzaza mwezi wa October pa Mulhako wa Alhomwe, khoma loyera ndi mdima sizingasowe. Ngati uko kwatalika, nyumba zoonetsa vidiyo za pa Chitakale, Limbuli ndi Luchenza zili kale ndi sikirini, masipika ndi anthu okhala pabenchi. Kapempheni mwini wake mphindi imodzi yokha mpira usanayambe. Akakukuwizani, mudziwa pofunika kukonza.