Utomoni pa boneti, ine zandikwana

Koma abale inu, mthunzi wa ku City Centre uja ndi msampha ndithu. Dzuwa la Okotobala likuwotcha, munthu waimika galimoto pansi pa mtengo kuti mipando isatenthe, pobwera boneti yonse madontho a utomoni okhaokha, ouma gwa ngati guluu. Ndapita ku car wash, mnyamata uja wathira sopo, wakhula, palibe chachoka, kenako ndikungoona wayamba kupala ndi chikhadabo! Ndati aise, penti imeneyo ugula ndiwe?

Kunyumba ndanyowetsa kansalu kofewa ndi sanitaiza, kuika pa dontho lililonse kamphindi kuti lifewe, kupukuta pang'onopang'ono, kutsuka, kenako polishi poti sipiriti wa mu sanitaizayo amachotsanso kuwala kwa penti. Loweruka lonse lathera pa boneti, denga sindinaliyambe n'komwe.