Mawu oti "kuchotsa umunthu" tisawapeputse

Masiku ano mawu oti "andichotsa umunthu" akumveka paliponse, ngakhale munthu atangokalipiridwa ndi kondakitala pa siteji ya minibasi ku Limbe. Ine ndikuona kuti tikuwapeputsa. Kunyozedwa kumapweteka ndithu, koma wonyozedwayo amakhalabe munthu m'maso mwa womunyoza. Kuchotsa umunthu n'kumutulutsa mnzako m'gulu la anthu n'kumuika pamodzi ndi nyama, tizilombo kapena katundu, mwakuti chilichonse chomugwera sichikhalanso mlandu mumtima mwako.

Chichewa chathu chimaulula msanga zimenezi zikayamba. Mudzamvetsere tsiku limene woganiziridwa kuba wagwidwa mumsika wa Ndirande. Poyamba anthu amakuwa kuti "mugwireni", koma pakangopita mphindi zochepa mumamva "chimenyeni", kenaka "chiotcheni", ndipo zonse zikatha palibe amene amati wamwalira, onse amangoti chafa. Ndikudziwa kuti "chi" si wachipongwe nthawi zonse, poti timatinso chimwana chonenepa tikumwetulira, koma pakhamu lolusa "chi" ameneyu ndiye amamasula manja a anthu amene dzulo lake sakanatha kuponya mwala.

Ku Rwanda mu 1994 wailesi ya RTLM inkatchula Atutsi kuti inyenzi, kutanthauza mphemvu, ndipo m'masiku pafupifupi 100 anthu pafupifupi 800,000 anaphedwa, ambiri ndi zikwanje za anansi awo. Mphemvu sailiridwa maliro, ndipo olankhula pa wailesiyo ankadziwa bwino zimenezo.

Tisathamangire kuloza kutali. Kuyambira kumapeto kwa 2014, pamene kuphedwa kwa abale athu achialubino kunakula m'dziko muno, ena ankawakuwiza pamsewu kuti "ndalama", uku akuseka ngati nthabwala, chonsecho dzinalo limamusandutsa munthu malonda iye akuyenda. Mu 2017 dzina loti "namapopa" linachokera ku Mulanje ndi Phalombe n'kufika mu Blantyre muno, ndipo amene lamumatirira sankafunsidwanso kwawo kapena mfumu yake. Timadandaula, ndipo m'pomveka, Amalawi akamatchedwa makwerekwere ku South Africa, koma pakamwa pathu pomwepa pali mayina ogwira ntchito yofananayo.

Inenso sindine woyera. Atandibera foni m'tauni chaka chatha, ndinafotokozera akunyumba kuti "chinathawira kumsika", ndipo mwana wanga wamng'ono anandifunsa ngati chinali chigalu.